Masekondi Anayi

Ku Ulongwe, kuseri kwa msika wa mbatatesi,
Kalistu ali ndi chipinda cha malata
chomwe timachitcha sinema.
Mabenchi asanu ndi limodzi, nsalu yakuda pakhomo,
mametikali khumi ngati uli ndi nsapato,
asanu ngati ulibe.

M'menemo ndimo tinakulira, pa filimu ija
ya chombo chokoka mwezi wa madzi oundana
kupita nawo kwa anthu a ludzu.
Zigawo zitatu. Chimbale chinakalikakalika
mpaka kaputeni ankachita chibwibwi pa mawu omwewo,
ife n'kumamumalizira.

Ndiye Lachiwiri lapitali Ozoriyo wokonza mafoni
anabwera akuthamanga, sikuludalaiva ili kukamwa:
akuti nkhani ija aitambasula, aiika pa wailesi yakanema,
sabata iliyonse kachidutswa,
za anthu a m'mbali amene filimu inawapitirira.

Kuyambira tsikulo palibe amene wagona bwino.

Ozoriyo akufuna loboti wotsimphina uja,
adziwe anamuthyola mwendo ndani
ndipo bwanji palibe amene anamuwotcherera.
Felizimina, wokazinga tchipisi pa depoti,
akuti atilowetse kukhitchini:
anthu mazana atatu m'chombo, zaka zisanu ndi ziwiri,
mafuta ophikira ankawagula kuti?
Aphunzitsi a Zakeyu akuti asayerekeze kukhudza mapeto.
Wakufa akhale wakufa, iwo analira kale,
misozi sibwezedwa ngati chenji.

Ine changa sindinanene.

M'chigawo chachiwiri, chombo chisananyamuke,
pamene kaputeni akutsanzikana ndi mwana wake,
kumbuyo uko kumadutsa bambo wina
atanyamula paipi paphewa.
Ovolosi yothimbirira. Alibe mawu, alibe dzina.
Amatembenuka kamodzi, ngati wina wamuitana,
kenako khoma limamumeza.
Masekondi anayi. Ndinawerenga.
Tsiku lina ndinamugulira Kalistu botolo la chakumwa
kuti aimitse chithunzi pomwepo.

Amayenda ngati bambo anga,
phewa lamanzere lotsika,
monga anayendera m'mawa uja pokakwera lole ya ku Moatize,
ku migodi ya malasha, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Makalata awiri, wailesi imodzi yopanda batire,
kenako zii.

Ndiye inu opanga zithunzi kutsidya kwa nyanja,
sindikupempha nkhondo za m'mlengalenga,
mwaphulitsa kale nyenyezi zokwanira.
Ingomutsatani bamboyo ndi kamera yanuyo.
Akakhota pakhomapo, inunso mukhote naye.
Paipiyo akukaitula kuti?
Amamulipira pamwezi kapena patsiku?
Akaweruka, m'manja amasamba ndi chiyani,
pali amene amamuvundikirira chakudya?
Amene anamuitana uja ndani,
ndipo iye anamvadi, kapena anangotembenuka?

Ozoriyo akuti ndisadzinamize,
atipatsanso ubwana wa kaputeni,
mfuti zowala, ndi mdani wakale atavala chipewa chatsopano.
Mwina. Malonda ndi malonda,
nayenso amagulitsa batire lakale m'pepala latsopano
ndipo timagula tikudziwa.

Loweruka likubwerali, seveni koloko.
Kalistu wakweza mtengo wolowera,
wamangirira dishi pa bulugamu ndi waya wa njinga,
wagula petulo wa jenereta
poti magetsi a ku Songo amadziwa njira ya ku Joni
kuposa ya kwathu kuno.
Felizimina akuti atseka msanga.
Aphunzitsi akuti sabwera, koma afunsa kawiri nthawi yake.

Benchi lakutsogolo ndalipira kale.
Anzanga adzayang'ana pakati pa galasi, poyaka moto.
Ine maso adzakhala m'mphepete,
modutsa onyamula katundu.