Waya Wobwerera

Anandidzutsa mbandakucha a Kankhwani.
Lole yawo ili pa Kamwendo, kuseri kwa sikelo,
matumba makumi anayi a mtedza pamsana,
ndipo yakana kulira.
Dzulo anyamata asanu anaikankha mpaka pa chigayo,
inangotsokomola kawiri, kenaka zii.

"Ndi batire," akutero eni ake.
"Ndi sitata," akutero mayi wa zitumbuwa.
Wakabaza, phazi limodzi pansi,
akuti pali munthu waiponda dala.
Ine sindiyankha. Ndimayamba ndi khutu.

Potokolani kiyi, bambo.
Tha.
Bwerezani.
Tha, ngati mlendo wogogoda kamodzi n'kuchita manyazi.
Yatsani nyali. Zawala.
Potokolaninso: taonani zafiira,
maso a munthu wochezera pa maliro.
Moto ulipo, koma pena ukuphinjika.

A Nyangulu, amene anandiphunzitsa ntchito pa boma,
ankandimenya dzanja ndikathamangira sipanala.
"Jelita, usamasule chimene sunachifunse."
Ndiye ndifunsa.

Kababu kanga ka michira iwiri
ndiko mboni yanga, sikadya chiphuphu.
Pa mitu ya batire kayaka.
Mafyuzi ndizula limodzilimodzi,
kuwapenyera ku dzuwa longotuluka: onse ngamoyo.
Ndikwawira pansi pa lole,
dontho la oyilo landipeza patsaya.
Makoswe otsata mtedza sanalume kanthu.
Pa sitata kababu kayakanso.

Nanga n'chiyani?

Ndagona chagada, ndikuona mapazi okhaokha,
mapatapata, jombo yong'ambika, zala za mwana.
Wina akuseka: "Bwenzi mutaitana mwamuna."
Ndimusiya aseke. Tochi ili m'kamwa.

Ndipo uyo, kuseri kwa matope ouma:
waya wolukidwa ngati tsitsi la mtsikana,
wochoka ku batire kukagwira chitsulo cha thupi.
Timamutcha ethi.
Palibe amamukumbuka poti sapita kulikonse kooneka.
Bawuti yake yadyeka dzimbiri,
nkhungu yobiriwira yamera pakhosi,
wangotsala pa tingwe titatu.

"Moto suyenda ulendo wopita wokha,"
ankatero a Nyangulu, fodya ali kukhutu.
"Ukaona kuti njira yobwerera yafa,
sunyamuka n'komwe."

Ndipala ndi sandipepa mpaka chitsulo chiseke.
Ndipala, ndipo sindikudziwa chifukwa chake
ndikuganiza za Dalikeni, mlongo wanga,
amene anaoloka pa Mwami zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Ya basi ndinamupatsa ndine.
Nambala yake imalira, ndinayesa, moto umafika.
Koma mawu ndinamulankhula pa manda a amayi aja
sindinawapalepo.
Anthufe tokha ndiye timanyamuka
ethi itaduka kale.

Sipanala ya thetini. Kumanga. Girizi pang'ono.
Ndituluka, msana uli mbuu.

Potokolani, bambo.

Yalira mpaka nkhuku za pa sikelo zabalalika.
Wakabaza akuti mankhwala athawa okha.
Woseka uja wapita kukagula ndudu.
A Kankhwani akuwerenga ndalama mozengereza,
akuti kabawuti kamodzi basi,
n'kuwonjezera ndowa ya mtedza wosasenda.

Utsi wawo ukulowera njira ya ku Lilongwe.
Ine ndakhala pa mwala, manja sindinasambe.
Pagalasi la foni pali chidindo chakuda cha chala changa,
pamwamba penipeni pa dzina lake.