Banga la Tiyi

Pogawana katundu wa mayi ku Khombedza
achimwene Yotamu anatenga wailesi ndi njinga,
achemwali malata asanu ndi mbuzi ya bere.
Ine anandikankhira sutikesi ya dzimbiri
yomanga ndi lamya pachotsekera:
"Iwe paja umakonda nsanza."

Zaka zitatu yagona kunsi kwa bedi.
Posesa ndimailambalala
ngati wodwala amene wangopeza kumene tulo.

Chaka chino mvula yachedwa, Salima akuwotcha,
mango okha ndiwo sakudandaula.
Ndaziona anabwera kuchokera kumsika ali wefuwefu:
"Amayi, m'sitolo ya pafupi ndi depoti
muli nyenyezi zonyezimira, tizingwe tagolide!"
Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinawerenga.
Zinangokwana sopo ndi mchere.

Usiku womwewo ndinapotokola lamya uja.

Fungo lake!
Buluu wochapira, utsi wa simbi ya makala,
mafuta aja ankadzola Lamulungu lokha.
Pamwamba nsalu ya patebulo
imene ankadyerapo alendo, ife tikusuzumira;
mapilo awiri opeta maluwa
amene sindinawaonepo m'munda wa munthu;
madoilo amene ankaluka
bambo akapita kukagona kunjanji,
kuluka, kumasula, kulukanso, mpaka tambala.
Njenjete nazo zinali zitatenga gawo lawo
osaitanidwa kumsonkhano.

Sizasi inandinjenjemera m'manja.
Kudula nsalu ya Nankhoma?
Munthu amene ankakuthibula kachala ukangoiloza?
Ndinapepesa chamumtima,
n'kuyambira pomwe njenjete zinalekezera.

Nyenyezi yoyamba inatuluka ndi miyendo inayi.
Ndaziona anaseka mpaka kugubuduka pamkeka:
"Ameneyu ndi kamba!"
Yachiwiri inayesako.
M'mimba mwake tinalongamo thonje lokana ogula chaka chatha,
litatha, mankhusu a mpunga wa ku Lifuwu.
Madoilo tinawaviika m'madzi a ufa wa chinangwa,
atauma anaima njo, okonzeka kuyimba kwaya.
Mpendero wa pilo unasanduka chingwe
kuchoka pazenera kukafika pa msomali wa kalendala.
Mtengo wake: nthambi ya msangu,
uja amavula masamba anzake akamavala,
yozika m'chitini cha penti, miyala m'mbali.

Panali banga limodzi la tiyi,
kukula kwake chikhatho cha mwana.
Ndaziona anati tilitaye.
Ine ndinalizungulira bwinobwino ndi sizasi
n'kulipachika pamwamba pa zonse.

Pa Khirisimasi achimwene anatulukira
pa njinga yomwe ija, nkhuku ili lende pahandulo.
Atangoponda pakhomo nkhope inachita mdima:
"Wang'amba nsalu za mayi?"
Ndinangowakokera mpando.
Anayang'ana. Anayang'anabe.
Kenaka chala chinakwera pang'onopang'ono.

"Tiyi uyu ndinataya ndine.
Tsiku lija kunabwera abusa."
"Ndikukumbuka."
"Koma anakwapulidwa ndiwe."
"Ndikukumbuka."
"Sunandiulule."
"Munandilonjeza chitumbuwa. Mpaka lero."

Magetsi anathima, monga mwa khalidwe lawo.
Tinayatsa kandulo kuseri kwa chitini,
ndipo madoilo anamwaza maluwa awo khoma lonse,
kumalata, pambale,
pankhope ya Yotamu
amene ankapukuta m'maso akunamizira utsi.

Kunja fumbi linayamba kununkhira.
Dontho limodzi padenga, kenaka awiri.
Ndaziona, mpunga uli tho m'kamwa,
anafunsa ngati kamba uja
tingamusiye pomwepo mpaka Janyuwale.