Khomo Lopapatiza

Lachitatu tinagumula mphuthu ya chitseko
kuti chikuku chako chizilowa.
Mmisiri wa kwa Chinsapo anati simenti yakwera mtengo,
tinagula theka la thumba, kwinako tinamata dothi.

Unafika Loweruka, Ndaziona,
pa galimoto ya boma,
ndi jumbo imodzi ya zovala,
fayilo yonenepa kuposa iwe,
ndi kapu yolembedwa nambala 17.

Zaka zisanu ndi chimodzi kumalo kuja
unaphunzira kudya belu likalira,
kugona akathimitsa magetsi,
ndi kusalira, poti olira analipo ambiri.

Kuno kulibe belu.
Kuli tambala wa a Nagama wosadziwa nthawi,
ana osuzumira pa mpanda wa udzu,
ndi ine zakhali wako, wa manja osazolowera,
amene ndinakupinda mwendo molakwika pokusambitsa.
Sunanene kanthu.

Usiku ndimawerenga za minibasi ya ku Sentulo.
Sizikwana.

Koma dzulo unakana phala,
unati lazizira,
unakankha kapu ija n'kulira mokweza
mpaka aneba anatuluka.

Ndinatsamira mphuthu yatsopano ija,
chipande chili m'manja,
ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe.