Mtsempha Woyendayenda

Ndine Teófilo Ccori, wokonza magetsi ku Callao.
Zaka makumi awiri ndakwawa m'madenga a eni
kusaka waya amene wapsa,
koma waya wa m'chifuwa cha mwana wanga Zoila
sindinamuonepo ndi maso.

Dokotala Yupanqui anandijambulira kuseri kwa risiti:
mzere wochoka kunsi kwa ubongo,
kutsika m'khosi, kusuzumira mtima,
nkukagawika timphanda timphanda m'mapapo.
"Dzina la mtsempha uwu limatanthauza woyendayenda.
Ukalamula, minofu yokulunga njira za mpweya imafinya.
Musaude. Ndi mlonda.
Utsi ukalowa, fumbi likalowa, amatseka zitseko.
Kungoti mlonda wa Zoila ndi wamantha,
kamphepo kakangokhudza, iye wakhoma kale."

Ndinafunsa chifukwa chake mphumu imakonda usiku.
Anati thupi likagona, mlondayo ndiye amatsala pa mpando.

Ndi zoona.
Imabwera cha m'ma folo koloko,
nkhungu ya kunyanja itameza doko
ndi zombo zake zonse,
chinyezi chikudontha pa khoma lathu la njerwa zosapaka.
Poyamba kakhosomo kouma.
Kenako kamluzu kaja,
kopyapyala ngati kulira kwa waya wothina.
Ndimadzuka ndisanadziwe kuti ndadzuka.

Kampope kabuluu kamagona pansi pa pilo wanga.
Ndimakagwedeza, ndimakalumikiza ku botolo lake,
Zoila amaluma kukamwa kwa botolo,
ndimapopa kamodzi, timawerenga mpweya pamodzi.
Mankhwalawa salimbana ndi mlonda.
Amadzera khomo lina,
lija thupi limatsegula munthu akamathawa galu,
nkuuza minofu kuti tayani, masulani.
Nchifukwa chake pambuyo pake zala zake zimanjenjemera,
mtima uli thi thi thi ngati wathamanga,
chonsecho wangokhala pa bedi
atafunda juzi la amake.

Usiku wina m'mwezi wa Ogasiti kabuluu kanalephera.
Khungu la pakati pa nthiti linkalowa m'kati,
mawu ankatuluka limodzi limodzi.
Sindinadikire. Ndinamunyamula,
nsapato imodzi inatsala pa masitepe.
Kuchipatala anamuveka chophimba mphuno ndi pakamwa,
nkuthira mankhwala achiwiri mu nthunzi ija.
Namwino anati awa amatseka makutu a minofu,
mtsempha uzikuwa momwe ungathere,
uthenga wake usafike.
Ndinamva. Inenso ndimakulunga tepi pa nsonga ya waya
kuti moto usadumphe.

Koma chimene chinandikhala mumtima ndi ichi:
njira za mpweya zikatupa nthawi yaitali
kakhungu ka m'kati kamasendeka,
nsonga za mitsempha zimatsala pambalambanda.
Waya wosendeka!
Ndani angandiphunzitse ine za waya wosendeka?
Ngakhale dontho la madzi limamuthethetsa.
Ndiye kampope kofiirira, kaja ndinkakanyozera
chifukwa sikachita changu,
tsopano sitikadumphitsa, m'mawa ndi madzulo,
kenako kuchukucha m'kamwa.
Ntchito yake ndi yapang'onopang'ono,
kuphwetsa chotupa mpaka nsonga zija zitavalanso.

Palinso waya wina amene dokotala sanajambule,
wochoka pa nkhope yanga kupita m'chifuwa chake.
Ndikatutumuka, iye amabanika kawiri.
Ndaphunzira kubisa mantha m'thumba la buluku,
kukhala kumbuyo kwake, msana wake pa mimba yanga,
kupuma pang'onopang'ono kuti abwerekeko.
Izi sizichiza, ndikudziwa.
Zimangothandiza mankhwala kupeza njira.

Lero kwacha bwino.
Zoila wadya buledi, wakangana ndi mlongo wake za chisa cha tsitsi,
wapita kusukulu, kabuluu kali m'chikwama.
Ine ndili pa makwerero m'nyumba ya munthu wina ku Bellavista,
fyuzi yodumpha ili m'dzanja langa.
Mwini nyumba akuitukwana.
Ndamuuza kuti asatero,
imangoteteza nyumba.