Chala Chachikulu

Zaka khumi ndi zinayi ndikusoka fodya
pa esiteti ya a Kamphambale ku Chulu,
dzina langa lakhala chala chachikulu ichi,
chonyika mu inki, chodinda pomwe kapitawo waloza.

Dzulo Dolika, wa Sitandade folo,
wophunzirira pansi pa mkuyu atakhalira njerwa,
anatola kapepala ka ku Chinkhoma
m'thumba la malaya anga.
Anawerenga mododoma, kachala kakulondola mzere:
"Mabelo asanu ndi awiri, ababa."

Ine anandiuza kuti asanu.

Sindinayankhe. Ndinangoyang'ana inki
yokanirira m'chikhadabo.

Lero m'bandakucha, ndisanalowe m'chigafa,
ndasalaza dothi pakhomo, ndathyola kamtengo.
"Tiyambe ndi dzina langa, mwanawe.
Koma usathamange,
dzanja ili linazolowera khasu."