Mpata

Kuseri kwa malaini a esiteti, kumunsi kwa Chambe,
tinaimika tsinde la nthochi yodula kale
n'kulijambula diso pamimba ndi khala.
Apusi anali atamaliza mizere isanu ya chimanga;
wina anayenera kuphunzira uta,
ndipo winayo ndinali ine.

Aphunzitsi anabwera awiri, osaitanidwa.

Bambo Khoviwa, kalaliki wa pasikelo,
munthu wosakhulupirira dengu
mpaka singano italeka kunjenjemera,
anayeza bwalo ndi mapazi, khumi, makumi awiri,
paliponse nakhoma chichiri.
"Muvi suyenda ngati chingwe chokoka," anatero,
"umakwera, kenako nthaka imauitana.
Tsono usaloze diso lenilenilo.
Ika nsonga m'munsi mwake, usiye mpata:
pachichiri choyamba, zikhatho ziwiri;
pachachiwiri, chimodzi ndi chala;
ukafika pachitsa cha mbawa mpata watha,
nsonga ipsompsone khala, utaye."
Zonsezi anazilemba kuseri kwa tikiti ya malipiro.

Azakhali a Nanthowa anaseka mpaka kutsokomola.
Zaka makumi atatu akuthyola tiyi,
masamba awiri ndi kansonga, osayang'ana manja,
pakamwa pali nkhani za maliro ndi kukwera kwa sopo.
"Ukamagenda galu wakuba umayamba wawerenga?
Pakudya mumdima
unayamba waphonya pakamwa n'kudyetsa khutu?
Yang'ana khalalo mpaka phiri lichoke,
mpaka ine ndichoke,
litsale lokha, lakuda bii.
Zinazo n'za phewa."
Anakoka n'kutaya mawu asanathe.
Nthochi inalira misozi pakati pa diso.

Mwezi wathunthu m'mawa ndinali wa kalaliki,
madzulo wa azakhali,
mivi yanga ngati mwana wa pamitala
wosadziwa khomo logona lero.

Tsiku lina Khoviwa anafunsa mwaulemu wake:
"Mayi, mukamakoka, nsonga mumaiona pati?"
Anati saiona.
Anakoka kuti amutsutse,
ndipo anaiona.
Sabata imeneyo mivi yawo inkangolima m'nandolo.
Anatukwana uta, anatukwana nsinga,
anatukwana ndi sukulu imene inaphunzitsa anthu mafunso.

Kenako chiperoni chinatsika m'phiri
n'kumeza zichiri, n'kumeza chitsa cha mbawa.
Kalaliki anaima, tikiti yonyowa m'manja,
inki ikuyenderera m'zala,
akufunsa nkhungu kuti iye ali pati.
Sanaponye.
Anati bango labwino likusowa masiku ano.

Pusi anabwera Lachinayi dzuwa lisanadumphe phiri,
nakhala pamphanda ya mtengo wa mapeyala,
chimanga chachiwisi m'manja, akundiyang'ana ngati mlamu.
Pamenepo panalibe chichiri. Panalibenso khala.
Khutu lamanja likuwerenga zikhatho,
lamanzere likuti yang'ana basi,
nsinga ili patsaya, yozizira,
phewa likupempha chigamulo.
Sindikudziwa amene anatsegula zala zanga.

Khoo!
Muvi unaluma nthambi, chala chimodzi pansi pa mchira.
Pusi anataya chimanga
n'kuthawira ku Likhubula, njira yonse
akundinenera kwa abale ake.

Khoviwa anayeza: mapazi makumi awiri ndi atatu.
Anati ndinachulutsa mpata.
Azakhali sanayeze kanthu.
Anati ndinaganiza.

Chimanga chotsala tinakolola matumba awiri ndi theka.
Tsinde la nthochi linawola, tikiti inakolezera moto,
koma muvi ukadali m'mwambamo, nthenga zikuthothoka,
mapeyala akukhwima mouzungulira.
Awiriwa akakumana pampopi
amatula ndowa, amakweza maso,
amalozabe nthambi yomweyo,
aliyense ndi chala chake.