Saizi Yapakati

Ndinakwera kabaza mpaka ku Chinamwali,
ndalama za nandolo zili m'sokosi,
m'thumba la malaya muli kamlomo kanga
komwe ndaimbira tromboni ya mpingo
zaka zisanu ndi ziwiri.

Mayi Makwinja analisolola kunsi kwa bedi
lili m'chitenje chothetheka.
Yufoniyamu.
Lipenga lonenepa ngati thole logona,
lotifuka pambali pomwe linagwera pa perete,
dzimbiri lobiriwira m'makona,
koma mabatani onse atatu ankabwerera okha.
Mwini wake ankathirabe mafuta
ngakhale chifuwa chitamuletsa kuimba.

"Yesani," anatero mayiwo.

Ndinalowetsa kamlomo kanga.
Mwendo wake wowondawo unamira mpaka m'khosi,
gwedegwede,
ngati dzino la mwana wa sitandade wani.
Nditauzira, theka la mpweya linathawira m'mbali,
lotsalalo linatuluka lopyapyala, lokwera mopitirira,
kulira kwa mbuzi m'thupi la ng'ombe.
Galu wa kuseri kwa mpanda anandiyankha.

Ndinatulutsa kena, kobwereka kwa mnzanga woimba ndi apolisi,
ka mwendo wonenepa.
Ako kanangoima pakhomo
ngati sofa yokana kulowa m'nyumba ya lendi,
ndipo nyimbo yonse inakhala pansi pa mpando wake,
yolefuka, ngati yadzuka ndi malungo.

Mayiwo anaseka chogwira pakamwa.
"A Sajeni ankati ili ndi la saizi yapakati.
Kakang'ono silifuna, kakakulu silifuna.
Ankati makani ake linatengera ine."

Analowa kuchipinda.
Ndinamva chitini cha singano ndi mabatani a malaya chikukhutulidwa,
kenako anabwera ndi kampango komanga mfundo ziwiri.
M'katimo munali kamlomo kakale,
siliva atatha m'mphepete,
mkuwa ukuonekera pomwe mlomo wa munthu mmodzi
unapsompsona zaka makumi atatu.

Ndinakapotoza pang'ono chabe.
Khatha! Kanagwira.
Popanda mpata ngakhale wolowa tsitsi.

Ndinauzira.

Liwu silinatuluke, linatsika,
monga umatsikira nkhungu paphiri mwezi wa Juni
n'kudzaza Mulunguzi mpaka mitengo kusowa.
Malata ananjenjemera.
Matambula m'kabati anayamba kunong'onezana.
Mtsikana woyanika zovala panja
anaima, chopanira chili kukamwa.
Ine ndinkalimva m'nthiti, m'mabondo,
m'sokosi momwe munali ndalama zija.

Mayi Makwinja ankayang'ana khoma
pomwe panalibe chithunzi, msomali wokha.

"Basi," anatero, dzanja atatambasula.
"Lipengalo tengani.
Koma iyi ndi milomo ya bambo a m'nyumba muno.
Milomo sitigulitsa."

Ndinawonjezera faifi sauzande.
Anamanga mfundo yoyamba.
Ndinawonjezera ya kabaza wobwerera.
Anamanga yachiwiri.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Matawale
thole langa lili kumsana.

Tsopano mwendo wowonda uja ndimaukulunga
ndi pepala la m'kope la mwana wanga,
pamwamba selotepi,
ndipo masamu a sitandade folo amanyowa ndi malovu
isanathe nyimbo yachiwiri.
Dzinkambani, wosula zitsulo kuseri kwa msika,
anayeza khosi la lipenga ndi waya,
nati andipangira kamphete ka mkuwa pofika Lachisanu.
Lachisanu lake lino ndi lachitatu.

Lamulungu anthu amati, "Koma ndiye likukoma!"
Ndimavomera ndi mutu.
Iwo sanali ku Chinamwali tsiku lija.
Sadziwa kuti pakati pa zomwe akumvazi
ndi zomwe lipengali limatha kunena
pali kampata kochepa ngati chikhadabo,
ndipo chotsekera chake chili m'chitini cha singano,
m'kampango ka mfundo ziwiri.